Lipoti la nkhani: mtima wothamanga, mphasa ndi mpweya

Ndine namwino woona za matenda a maganizo pa chipatala china cha m'boma la Dedza. Lipotili ndalembera anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono, alangizi a zaumoyo, ndi aliyense amene ali ndi m'bale wodwala nkhawa pakhomo. Ndi nkhani ya mayi wina wodwala nkhawa ndi matenda okhumudwa, ndi mmene ndinagwiritsira ntchito yoga powathandiza. Eni nkhaniyi anandilola kuti ndiilembe. Dzina lawo, mudzi ndi mpingo ndasiya dala, ndipo tina ndi tina tomwe tikanawaulula ndasintha. Ndizingoti mayiwa.

Mmene anafikira kwa ine

Mayiwa ndi a zaka 41, ali ndi ana anayi, ndipo amalima ndi kugulitsa kachewere kumtunda kuno, mbali ya ku Bembeke. Buku lawo la kuchipatala linali litatsala masamba awiri kuti lithe. Pa miyezi isanu anali atabwera ku OPD ka 7, dandaulo lomwelomwelo: mutu, kuphwanya m'thupi, mtima kuthamanga, kubanika, dzanzi m'zala. Malungo anayezedwa kanayi osapezeka. Ankabwerera kwawo ndi panado, nthawi zina bufeni, kamodzi ndi mankhwala owonjezera magazi. Ulendo wachisanu ndi chiwiriwu ndi pomwe mnzanga wa ku OPD anawalembera kuti adutsire kuchipinda kwanga.

Unali m'mawa wa mu Juni 2024. Amene anagonako ku Dedza mwezi umenewu akudziwa: tauni ino ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nkhungu ikatsika m'phiri ngakhale cholembera chimavuta kugwira. Mayiwa anavala juzi, zitenje ziwiri ndi mpango, koma nditawapatsa moni wa padzanja, m'manja mwawo munali thukuta. Anakhala kunsonga kwenikweni kwa mpando, ngati munthu amene akudikira minibasi.

"Anesi, ine sindine wamisala ayi. Andilozera khomo lolakwika. Langa ndi vuto la mtima."

"Chabwino mayi," ndinatero, "tiyambe ndi mtimawo." Unali kugunda ka 104 pa mphindi.

Mbiri

Nkhani sinatuluke tsiku limodzi. Bambo a kunyumba anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo. Poyamba ankatumiza kangachepe, kenako foni inasiya kuyankhidwa, ndipo obwera kuchokera kumeneko akuti anakwatirako. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza anakwera mtengo, mayiwa anakatenga ngongole ku banki m'khonde kuti agule feteleza ndi mbewu. Mvula inadula pakati, itabwerera chiwawu chinalowa m'munda, moti zomwe anakumba sizinakwane n'theka la zomwe amakumba zaka zonse. Mu Febuluwale amayi awo owabala anamwalira atadwala nthawi yaitali. Anawadwazika ndi iwo, ndipo anali m'gulu la amayi omwe anasambitsa thupi. Pofika Juni, ngongole ija ndi chiwongoladzanja chake inali pa K380,000.

Nditatsegulanso buku lija ndinayang'ana masiku omwe ankabwera ku OPD. Maulendo asanu mwa asanu ndi awiriwo anali a Lachinayi. Nditafunsa kuti Lachinayi kumakhala chiyani kumudzi, anayang'ana pansi. Ndi tsiku lomwe gulu la banki limakumana. Usiku wa Lachitatu mtima umayamba, kukacha amathamangira kuchipatala. Sankanama matenda pofuna kuzemba anzawo. Thupi linkadwaladi, kungoti ife tinali kufufuza malungo pomwe chodwalitsa chinali kope la mlembi wa gulu.

Zina zomwe ananena: amadzuka tambala woyamba asanalire, tulo osabweranso. Nsima sikoma. Chitenje chayamba kukulunga mopitirira pomwe chinkalekezera. Kwaya anasiya, ndipo kumsewu komwe amakagulitsa kwa a malole ndi a chiwaya ankangotuma mwana. Ana amawakalipira pa zinthu zazing'ono, kenako n'kukalira kuseri kwa nyumba. Iwo okha ankati, "Ndimangoganiza kwambiri."

Ndinawafunsa mosapsatira ngati amaganizapo zodzichotsera moyo. Funso limeneli anzanga ambiri amaliopa, ati ungamupatse munthu maganizo omwe analibe. Si zoona, ndipo ambiri amapepukidwa wina akawafunsa. Mayiwa anati nthawi zina amalakalaka atangogona osadzukanso, koma sanakonzepo chilichonse, sanayeserepo, "ana ndiwasiyira yani?" Pakhomo pa mlimi wa kachewere sipasowa mankhwala opopera. Atavomera, tinaitana achemwali awo aakulu, omwe anatenga mabotolo onse kukasunga kwawo mokiya, n'kulonjeza kuti azigona nawo usiku wa Lachitatu.

Zoyeza

BP inali 128/82, magazi 12.4, shuga wabwinobwino. Malungo, HIV ndi mimba sizinapezeke. Pakhosi panalibe chotupa cha chithokomiro, manja sankanjenjemera, ndipo mtima unkatsika akakhala phee, zomwe sizichitika kawirikawiri kwa munthu amene chithokomiro chake chikugwira ntchito mopyola. Tinawatumiza kukayezetsa mtima pa makina a ECG ku chipatala chachikulu, inatuluka bwino. Mowa samwa, fodya sasuta. Sanamvepo mawu a anthu osaoneka, ndipo sanakhalepo ndi nyengo yosangalala mopyola muyeso, kulankhula kosalekeza kapena kumwaza ndalama. Funso lomalizali n'lofunika musanapereke mankhwala a matenda okhumudwa, chifukwa kwa wodwala bipolar, matenda osinthasintha pakati pa kukhumudwa ndi kusangalala mopyola muyeso, mankhwalawo akhoza kudzutsa zina.

Ndinagwiritsa ntchito mafunso a PHQ-9 a m'Chichewa, oyezera matenda okhumudwa. Ndi mafunso 9, malikisi amachokera pa 0 kufika 27, ndipo kafukufuku wa Michael Udedi ndi anzake wa 2019, pa odwala shuga kuno kwathu, anaonetsa kuti amagwira bwino ntchito kuyambira pa malikisi 9. Mayiwa anapeza 17. Pa GAD-7, yomwe imayeza nkhawa ndipo imalekezera pa 21, anapeza 15. Ndinalemba kuti ali ndi matenda okhumudwa aakulu ndithu, pamodzi ndi nkhawa yobwera ndi mantha adzidzidzi, ndiponso chisoni cha maliro chomwe sichinaphwe. Mawu akuti matenda okhumudwa ambiri tinayamba kuwamva pa wailesi, mu pulogalamu ya achinyamata ya Nkhawa Njee, koma kumudzi sanazike mizu. Kwa mayiwa ndinangoti, "Kuganiza kwambiri kuja kwasanduka matenda, ndipo ndi ochizika."

Malinga ndi mhGAP, ndondomeko ya bungwe la WHO yothandizira odwala matenda a maganizo, munthu wotere timamufotokozera za matenda ake, timamuthandiza pa zomwe zikumupanikiza, timamulimbikitsa kubwerera ku zomwe ankachita, ndipo timaganizira mankhwala. Mankhwala anawakaniratu. Msuweni wawo wina anapita ku Zomba kalekale, ndipo mpaka lero mudzi umamutchula ndi ulendo umenewo. Sindikanawakakamiza. Ndinawauza kuti ndizifunsabe ulendo uliwonse.

Chifukwa chiyani yoga

Yoga inachokera ku India ndipo ndi yakale zedi. Dzinali limachokera ku liwu la chinenero cha Sanskrit lotanthauza kulumikiza kapena kumanga goli, monga timamangira ng'ombe ziwiri pa ngolo. Bungwe la United Nations mu 2014 linasankha 21 Juni kukhala tsiku lake. Ili ndi nthambi zambiri, zina ndi zachipembedzo ndithu. Zomwe a zaumoyo timatolako ndi kudziwongola modekha, kupuma mwadongosolo, ndi kuika maganizo pa zomwe thupi likumva nthawi yomweyo.

Umboni ulipo, koma si woti munthu n'kuuimbira nthungululu. Mu 2024 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kauniuni wa Michael Noetel ndi anzake, wophatikiza kafukufuku 218 wokhudza anthu 14,170. Anapeza kuti kuyenda ndawala kapena kuthamanga, yoga, ndi masewera olimbitsa minofu zimachepetsa matenda okhumudwa, koma anachenjeza okha kuti kafukufuku wambiri mwa ameneyu anali ndi zofooka. Pa nkhawa, Naomi Simon ndi anzake ku America anayesa anthu 226 kwa milungu 12, zotsatira zake zinatuluka mu JAMA Psychiatry mu 2020. Mwa omwe anachita yoga, 54 pa 100 alionse anapezako bwino. Mwa omwe analandira uphungu wa CBT, womwe umaphunzitsa munthu kuunika ndi kuwongola kaganizidwe kake, anali 71. Mwa omwe anangophunzitsidwa za kupanikizika maganizo, anali 33. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, CBT ndi yomwe inaonekabe kuti ili patsogolo. Ndiye ndikanakhala ndi mlangizi wa CBT pakhomo loyandikana nalo, ndikanawatumiza kumeneko. Ndilibe. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chinandikoka kwambiri n'chakuti mayiwa ankakamba za matenda awo kudzera m'thupi. Mtima, mpweya, zala. Ndikanayamba ndi za ubwana wawo kapena za banja, sakanabweranso. Ndipo vuto limawagwira 3 koloko usiku, makilomita ambiri kuchokera pomwe ine ndili. Ankafunika kanthu koti akagwire okha mumdima.

Sindine mphunzitsi wa yoga. Zochepa zomwe ndimadziwa anandiphunzitsa mnzanga wina tili kusukulu ya unamwino, ndipo zonse zomwe ndinapatsa mayiwa ndinayamba ndaziunika ndi mnzathu wa ku fizo.

Tsiku loyamba

Nditawauza kuti ndikufuna azipuma kwa mphindi khumi m'mawa uliwonse, anaseka koyamba chilowereni m'chipindamo. "Kupuma? Ndi ngongole imeneyi, anesi?" Chichewa chathuchi kupuma kwa mpweya ndi kupuma kwa ntchito ndi liwu limodzi. Ndinawafotokozera kuti ndikunena za mpweya.

Ndinawauza aike dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba. Lapachifuwa lokha ndi lomwe linkayenda, mofulumira, ngati la mwana wa chibayo. Munthu akamapuma chonchi amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa muyeso, ndipo zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndi kumva ngati mpweya sukukwana. Akamva choncho amachita mantha kuti akufa, n'kuwonjeza liwiro la kupuma, zinthu n'kumangoipiraipira. Kupuma mofatsa, makamaka kutulutsa mpweya nthawi yotalikirapo kuposa kukoka, kumadzutsa mbali ya mitsempha yomwe imakhazika thupi pansi. Mtsempha wa vagus ndi umene umapititsa uthenga kumtima kuti uchepetse liwiro.

Apa ndinaphonya koyamba. Ndinati, "Kokani mpweya wambiri." Anaukoka ngati akumwa thobwa ali ndi ludzu, kanayi kasanu motsatizana, chizungulire n'kuwagwira. Liwu loyenera si "wambiri", ndi "pang'onopang'ono". Tinayambiranso: kukoka ndi mphuno ndikuwerenga mpaka folo, kutulutsa ndi pakamwa ngati akuuzira phala la mwana ndikuwerenga mpaka sikisi, dzanja la pamimba likwere, la pachifuwa likhale phee. Mwa njira imeneyi munthu amapuma pafupifupi ka 6 pa mphindi. Patatha mphindi zisanu ndinawagwiritsa zala zawo pamkono pawo kuti amve okha, ine ndikuyang'ana wotchi. Unali pa 88.

Anakhala chete kanthawi, zala zili pomwepo. Kenako anati, "Ndiye kuti mtimawu umamva?"

Pomwe ndinalakwitsa

Sabata yachiwiri ndinabweretsa mphasa. Tinachita zodziwongola zingapo ndipo zinayenda bwino. Pomaliza ndinachita monga ndinaphunzirira: ndinawauza agone chagada, miyendo yowongoka, manja m'mbali, maso otseka. Sipanathe mphindi. Anadzambatuka, mpweya uli befu, misozi ili chuchuchu, akugwira khoma. Atakhazikika anati, "Amayi anga tinawagoneka chonchi. Pa mphasa."

Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti kagonedwe kameneka ku India amakatcha shavasana, ndipo shava ndi mtembo. Dzina ndinkalidziwa, mbiri ya mayiwa ndinailemba ndekha, ndinakulira m'mudzi momwe mphasa ndi maliro n'zoyendera limodzi, koma sindinalumikize. Ndinapepesa. Komabe tsiku limeneli ndi lomwe anakamba za amayi awo koyamba, kwa theka la ola: za usiku womaliza, ndi za kudziimba mlandu kuti anachedwa kupeza galimoto. Kuyambira pamenepo anayamba kugona chammbali, mawondo opinda, maso otsegula akuyang'ana kukhomo.

Kulakwitsa kwachiwiri kunali kwa ulesi. Pofuna kuti asaiwale, ndinatumiza kanema wa pa YouTube ku foni ya mwana wawo wamkazi kudzera pa WhatsApp. Ndinangoonera pakati pake. Koyambirira kwake kunali bambo ataphatikiza manja, akuimba mawu achilendo patsogolo pa kachifanizo ndi kandulo. Foni inayenda m'manja mwa anthu, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali yakuti kuchipatala akuphunzitsa anthu za mafano. Mayiwa anajomba milungu itatu. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo ndi amene anakawapeza, n'kuona kuti ali moyo ndipo achemwali awo akugonabe nawo.

Anabwera sabata yachisanu ndi chimodzi, ali ndi achemwali awo ndi mayi wina wachikulire, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kuchita ndekha zonse pa mphasa iwo akuonerera. Nditagwada n'kuweramira kutsogolo mpaka mphumi kugunda pansi, mayi wachikulire uja anakweza dzanja.

"Pamenepo, mwanawe. Pamenepo akugwadira yani?"

Ndinayankha kuti palibe, cholinga n'kumasula msana, koma ngati chikumbumtima chikukana, tichotsa. Tinachotsa. Tinachotsanso kuphatikiza manja pachifuwa. Zotsalazo anaziyang'ana mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Awa ndi mafizo basi."

Mnzanga wina anandilangiza kuti ndizingoti mafizo, dzina la yoga ndizilibisa. Sindigwirizana nazo. Ndinawauza amayi atatuwo kuti zinthuzi zinachokera ku India, kumeneko ena amazichita ngati mbali ya chipembedzo chawo, ine ndatolako za thupi zokha, ndipo ali ndi ufulu wokana. Munthu amene wakuululira kuti amalakalaka osadzuka sungamupusitse pa dzina la mafizo. Akadzazindukira yekha pa foni ya mwana, adzakayikanso mankhwala ako ndi zonse zomwe unamuuza.

Potuluka mayiwa anatsalira pang'ono n'kundinong'oneza kuti kupuma kuja sanasiye milungu yonse itatu. "Zimene zija palibe amaona."

Zomwe ankachita kunyumba

Tinazimangirira ku chinthu chomwe amachita kale tsiku lililonse: akateleka madzi osamba a ana a sukulu, m'malo mokhala pamoto kuwerengera ngongole, aziyala mphasa m'nyumba. Mphindi 15. Kuimirira miyendo motalikirana pang'ono, kukweza manja pokoka mpweya, kuwatsitsa potulutsa, kasanu ndi kamodzi. Kupendekera kumanja ndi kumanzere. Kuzunguza mapewa ndi kutembenuza khosi mofatsa, poti khosi la munthu wosenza ndowa za kachewere limakhala gwa ngati mtengo. Kukhala chotambalala, momwe amayi amakhalira kale posankha nyemba, n'kuweramira kutsogolo mpaka pomwe thupi lalola, osakakamiza. Kupotoloza chiuno uku ndi uku ali chikhalire. Pomaliza kugona chammbali ndi kupuma kwa folo ndi sikisi kakhumi.

Palinso kapumidwe kena ka yoga komwe munthu amatulutsa mpweya akulira ngati njuchi, pakamwa potseka. Nditawaonetsa anati n'zoseketsa, koma sabata yotsatira anabwera atakasintha okha: amaimba nyimbo ya kwaya chotseka pakamwa, mzere umodzi mpweya umodzi. Ntchito yake ndi yomweyo, kutalikitsa mpweya wotuluka, ndipo iyi inali yawoyawo. Ndi imene ankagwiritsa ntchito akadzidzimuka usiku.

Ndinasiya dala kupuma kofulumira kwamphamvu komwe kumaoneka m'makanema ambiri, kusunga mpweya nthawi yaitali, ndi zonse zozondotsa mutu pansi. Kwa munthu wa mantha adzidzidzi kupuma kofulumira kumaitana chomwe tikuthawacho. Zozondoka n'zosayenera kwa a BP yokwera, a matenda a maso a glaucoma, ndi amayi oyembekezera.

Kulemba m'kope anati sangakwanitse. Tinagwirizana kuti tsiku lililonse lomwe achita aziponya nyemba imodzi m'botolo. Pa masiku 14 oyamba anabwera ndi nyemba 10.

Chinthu china ndinaphunzira apa. Mabuku amati wodwala matenda okhumudwa alimbikitsidwe kuchita masewera olimbitsa thupi. Kumuuza zimenezi mayi amene amapalira, kutunga madzi ndi kusenza matumba n'kumunyoza. Thupi lake siliperewera ntchito. Chomwe sanachitepo chibadwire n'kuyendetsa thupilo pang'onopang'ono popanda chomwe akuthamangira.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Iyi ndi nthawi yokhayo yomwe ndinganene kanthu za yoga payokha, chifukwa mankhwala anali asanayambe. GAD-7 inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 9. Mantha adzidzidzi omwe ankabwera katatu kapena kanayi pa sabata anatsala kamodzi, ndipo ankatha msanga. Masiku ena tulo tinkabweranso. Ku OPD sanapiteko.

Koma PHQ-9 inangochoka pa 17 kufika pa 14. Nsima inali isanayambe kukoma, kwaya anali asanabwerere, kulira kuseri kwa nyumba kunalipobe, ndipo maganizo olakalaka osadzuka ankabwerabe apo ndi apo. Ndinawauza mosabisa kuti mtima wamva koma chisoni sichinamve, ndipo mphasa yokha siikwanitsa. Ndinafunsanso za mankhwala, kachisanu tsopano. Anavomera. Chifukwa chomwe anapereka ndi chakuti, "Poti za mtima zija munanena zoona."

Tinayamba fluoxetine 20 mg m'mawa uliwonse. Ndinawachenjeza kuti masiku oyamba akhoza kumva mseru ndi kusakhazikika, ndipo phindu lake limayamba kuoneka pakatha milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina kuposerapo. Zinachitikadi sabata yoyamba, ndipo akuti chinawagwira kuti asataye mapilitsi ndi kupuma kuja. Mwezi wachiwiri fluoxetine anatha ku famase kwathu. Amitriptyline analipo, koma sindinafune kuika botolo la mankhwala amenewo m'nyumba ya munthu amene anali ndi maganizo otere, poti ndi oopsa munthu akamwa opyola muyeso. Mwana wa achemwali awo anakagula ku Lilongwe ndi ndalama zapabanja. Anadumpha masiku asanu. Mwayi wake fluoxetine amakhalitsa m'thupi, ndiye sanabwerere m'mbuyo, koma zinandiwawa kuti munthu amene ndinamunyengerera milungu isanu ndi itatu ndinamubweza chimanjamanja.

Ngongole

Mpweya sulipira ngongole. Pa izi ndinabwereka njira ya Friendship Bench, yomwe Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare mu 2006, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi n'kumathandiza anthu kuthana ndi mavuto awo limodzilimodzi. Anzathu a Chishona matendawa amati kufungisisa, ndiye kuganiza kwambiri komweku. Tinatchula mavuto onse, mayiwa anasankha limodzi, tinaunika njira zomwe zilipo, iwo n'kusankha yoti ayese sabata imeneyo.

Anasankha kukaonekera ku gulu, komwe anali atajomba miyezi itatu. Anapita ndi achemwali awo. Akuti asanalowe anaima kuseri kwa khola la mbuzi la eni nyumba n'kupuma kakhumi. Gululo linawakalipira ndithu chifukwa chozemba, koma linavomera kuimitsa chiwongoladzanja ndi kulandira pang'onopang'ono akakumba za kudimba. Anagulitsa nkhumba imodzi n'kupereka gawo loyamba. Za bambo a ku Joni, ankhoswe anakatula nkhani kwawo kwa mwamuna, ndipo mpaka pano yankho silinabwere.

Pofika Okutobala PHQ-9 inali pa 6, GAD-7 pa 5, funso la maganizo odzipha pa 0. Anabwerera ku kwaya ndi kumsewu. Sikelo inakwera ndi makilogalamu atatu.

Mu Disembala, usiku woti mawa gulu ligawana ndalama za chaka, mantha aja anabweranso mwamphamvu. Anadzuka, anatsamira khoma, anaimba nyimbo yawo chotseka pakamwa mpaka zinadutsa. Kutacha anapita kogawanako, osati ku OPD. Anandiuza pa tsiku lawo la sikelo ya mankhwala, ndipo PHQ-9 inali pa 9. Mu Febuluwale, mwezi womwe amayi awo anamwalira, inakweranso pang'ono n'kutsika yokha.

Maganizo anga pa nkhaniyi

Uyu ndi munthu mmodzi, ndipo zinthu zambiri zinachitika nthawi imodzi: mankhwala, kukambirana za ngongole, achemwali ogona nawo, kuzizira kutha, kachewere wa kudimba kucha, ndi chisoni cha maliro chomwe chimaphwa ndi nthawi. Ngakhale milungu isanu ndi itatu yoyambayo, mwina china chomwe chinathandiza n'kungokhala ndi munthu wowamvetsera. Amene angatenge lipotili n'kumalalikira kuti yoga imachiza matenda okhumudwa sanaliwerenge bwino. Pa mayiwa inagwira kwambiri nkhawa ya m'thupi, matenda okhumudwawo inangowakhudza pang'ono.

Komabe ndikaunika, popanda mphindi zisanu zija za tsiku loyamba sindikhulupirira kuti akanabweranso, ndipo popanda kubweranso sipakanakhala fluoxetine kapena ulendo wa ku gulu. Ndiyo ntchito yomwe ndimaipatsa yoga m'chipinda changa. Sindiipereka m'malo mwa mankhwala kwa amene akuwafunika, ndipo munthu amene ali kale pa mankhwala asasiye chifukwa wayamba mphasa. Amene wakonza njira yodzichotsera moyo, amene akumva mawu, amene wasiya kudya ndi kumwa, kapena amene wasokonezeka, ameneyo ndi wofunika dokotala tsiku lomwelo, ndipo ngati n'koyenera atumizidwe ku St John of God kapena ku Zomba. Kwa amene anagwiriridwapo kapena kumenyedwa, musamuuze kuti atseke maso kapena agone pansi musanamufunse, ndipo musamugwire thupi pomuwongola. Ine ndinaphunzira mochedwa.

Kanema sinditumizanso. Mnzathu wa ku fizo anajambula tianthu ta timitengo pa pepala limodzi, timachita fotokope.

Pomwe tili

Ulendo wathawu PHQ-9 inali pa 4, GAD-7 pa 4, mtima 76. Ngongole yatsala K60,000. Zodziwongola akuti amachita katatu kapena kanayi pa sabata, nyengo yokumba amadumpha, koma kupuma ndi tsiku lililonse. Botolo la nyemba analisiya, nyembazo anaphika. Fluoxetine apitiriza mpaka akwanitse miyezi 9 kufika 12 chipezereni bwino, monga mhGAP imanenera, kenako tidzakambirana zosiya, osati nyengo ya feteleza kapena mu Febuluwale. Mankhwala opopera akadali kwa achemwali awo, amakatenga tsiku lopopera n'kubweza. Anapempha pepala lina la tianthu tija kuti akapatse mnzawo wa ku kwaya. Ndinawapatsa, koma ndinati mnzawoyo abwere ndimuone kaye.

Ndinati ndiwalembere tsiku lobweranso pakatha milungu isanu ndi umodzi, ndipo linagwera Lachinayi. Anakana, ati limenelo ndi la banki. Tinalemba Lachiwiri.